Masekondi makumi awiri

Kafika m'kabokosi, kogona pa thonje,
kachidutswa ka dothi lootcha,
kopyapyala kuposa chikhadabo cha khanda.
Ximena wakaumba masiku atatu m'kachipinda kake ku Cerro Barón,
wakabweza m'ng'anjo kanayi konse,
chifukwa a Heriberto anakana dzino loyera mbee.
Anati: ndasuta fodya zaka makumi atatu ine,
musandiike dzino la mwana wasukulu,
anzake m'kamwamu adzaliseka.
Ndiye ndi aka, kachikasu pang'ono chakuusinini,
kali ndi kamng'alu kabodza kojambula ndi nsonga ya bulashi.

Panja chikepe chikukwera phiri mong'ung'udza,
sitima ya makontena yalira kudoko.
Pamasitepe a kumeneko mpamene anaterereka mu Ogasiti,
thumba la nsomba lili kumsana,
theka la dzino n'kutsala pamwala.

Ndikayesa kaye popanda guluu.
Kakhala bwino. Ndikachotsa mtima uli m'mwamba,
poti kakagwa pansi apa, chotola palibe.

Tsopano asidi, woopsa uja amene amadya galasi.
Ndimpaka mkati mwa kadothi,
masekondi makumi awiri, osapitirira,
Nayaret akuwerenga ndi milomo kuseri kwa masiki.
Zosalala sizigwirana.
Kuti ziwiri zimatane, chilichonse chiyambe chakalika,
chilole timabala tosaoneka ndi maso.
Izi anandiphunzitsa kukoleji,
koma ndinazimvetsa chaka chimene mwamuna wanga anachoka.

Dzino nalo lilandira asidi wake, wabuluu.
Nditsuka, ndiumitsa ndi mpweya mpaka lituwe ngati choko.
Apa mdani ndi malovu.
Kadontho kamodzi, ngakhale nthunzi chabe ya mpweya wa m'kamwa,
ntchito ya Ximena yalowa m'madzi.
N'chifukwa chake ndayala kansalu ka mphira pakamwa ponse,
dzino lokha latumphuka ngati mwala nyanja ikaphwa.
Kunsi lilime likufufuza.
Lilime silimva kuletsa.

Simenti ndithira yochepa, ngati mchere wa wodwala.
Ndikankha ndi chala, pang'onopang'ono,
yosefukira ituluka m'mbali.
Pano ndingasunthe.
Pano ndingasunthebe.
Nyali yabuluu ikangoyaka, madzi atayika, saoleka.
Ndiyang'ana kuchokera kumutu,
ndizungulira, ndiyang'ana kuchokera kuchibwano,
ndiyang'ananso.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndili pa ntchitoyi,
zala zimazizirabe ndikafika apa.

Yatsa, Nayaret.

Masekondi awiri kaye,
kuti zosefukira zithothoke ngati nkhanambo.
Ulusi pakati pa mano.
Kenako kuwala kwautali, kutsogolo, kumbuyo, m'mbali.
M'chipinda muli zii,
kamakina kokha kakuti tii, tii.

Lumani apa. Kukutani.
Pepala lofiira lasiya kadontho pomwe mano ayamba kugundana.
Ndipala pang'ono. Lumaninso.

Ndiwapatsa galasi, iwo osalilandira.
Ayendetsa lilime kuseri kwa dzino
ngati munthu wolowa m'nyumba yake magetsi atazima,
akupapasa khoma lomwe akulidziwa.
Kenako agunditsa mlomo wam'munsi ku dzino latsopanolo
n'kunena motsitsa: Fresia.
Anenanso, mokwezako. Fresia.

Chigwereni, akutero, dzinali limathawira pampata paja,
limatuluka ngati mpweya wa tayala lobooka,
ndipo mkazi wawo, amene makutu ayamba kutseka,
amangoyang'ana pawindo osatembenuka.

Ndiwauza za mawa ndi mkuja:
asadule chingwe cha mbedza ndi mano,
asatsegulire botolo pamenepo,
adzabwere pakatha masabata awiri.
Avomera zonse ndi mutu, mofulumira kwambiri.
Za chingwezo ndikudziwa kuti akunama.

Nayaret wavula magolovesi, akupukuta mpando.
Kabokosi kopanda kanthu ndikaponya m'dilowa, pa tinzake.
Pabenchi panja pali kale mtsikana wa yunifolomu ya kubanki,
dzanja lili patsaya.